Bokosi la zipangizo za sayansi la ana: zipangizo zake n'zothandiza, koma kabuku kake kanalembedwera dziko lina

M'masitolo ena ogulitsa mabuku ndi zipangizo za sukulu mu Lilongwe mwayamba kupezeka mabokosi a zipangizo za sayansi opangira ana a zaka zapakati pa 7 ndi 12, ndipo makolo angapo akhala akundifunsa ngati n'koyenera kuwonongerapo ndalama. Limene ndikufotokoza pano ndi lapakatikati, osati lotsika mtengo kwambiri lija lodzaza ndi timapepala tomata, komanso osati lokwera mtengo lija lokhala ndi maikulosikopu. Ndaligwiritsa ntchito kwa nthawi ndithu ndi ana anga pamodzi ndi anzawo a m'dera lathu, amene ambiri mwa iwo ali mu Sitandade 3 mpaka 6. Chigamulo changa n'chakuti bokosili n'loyenera kugula pokhapokha ngati pakhomo pali munthu wamkulu amene adzakhale pansi ndi mwanayo n'kumamufunsa zimene akuganiza asanakhudze chipangizo chilichonse. Mukangomupatsa kuti akasewere yekha, adzakondwera masiku ochepa, kenako zidutswa zake mudzazipeza pansi pa bedi, maganizo ake ali momwe analili.

M'katimo muli maginito awiri, galasi lokulitsa zinthu, choyezera kutentha, kampasi yolozera kumpoto, timipira tiwiri tofanana kukula koma kena kachitsulo kena kapulasitiki, babu laling'ono ndi choikapo chake, mawaya anayi, choikamo mabatire, tochi, kampira kojambulidwa mapu a dziko lapansi, nyemba zochepa ndi thonje, ndiponso kabuku ka malangizo ka m'Chingerezi. Mabatire mulibe, ngakhale kuti chithunzi cha pachikuto chikuonetsa babu likuwala, ndipo wogulitsa sanandichenjeze za zimenezo. Bokosi lenilenilo n'la katoni yofewa imene singapirire m'manja mwa ana, moti ife tinasamutsira zonse m'chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro. Mtengo wake ndi wolemera kwa banja wamba, ndipo popeza katunduyu ndi wochokera kunja, umasintha nthawi iliyonse kwacha ikagwedezeka, choncho ndi bwino kufunsa m'masitolo angapo musanagule.

Muyezo umene ndagwiritsa ntchito poweruza chipangizo chilichonse ndi umodzi. Mwana safika pa phunziro la sayansi mutu uli wopanda kanthu, koma amafika ali kale ndi mafotokozedwe ake a chifukwa chimene usiku umagwera, kumene mphutsi zimachokera ndiponso chimene chimatenthetsa bulangete, ndipo mafotokozedwe amenewa amakhala atawapanga kuchokera pa zimene waona ndi maso ake tsiku ndi tsiku. Jean Piaget wa ku Switzerland, amene anafalitsa zofufuza zake pa nkhaniyi mu 1926, anapeza kuti ana aang'ono ambiri amati dzuwa, mphepo ndi mitambo n'zamoyo chifukwa zimayenda. Akatswiri amene anabwera pambuyo pake anatsutsa mbali zina za zimene iye ananena, koma mfundo yaikulu inatsalabe, yakuti maganizo a mwana ali ndi dongosolo lakelake ndipo sachoka chifukwa chakuti mphunzitsi walemba yankho lolondola pa bolodi. Mwana akhoza kuloweza yankholo, n'kukhoza mayeso, koma pobwerera kunyumba n'kumaganizabe zakale zija. Chipangizo chabwino, kwa ine, ndi chimene chimaika pamaso pa mwana chinthu chotsutsana ndi zimene iye amayembekezera, m'njira yoti sangachikane msanga.

Pa muyezo umenewu, chopambana zonse m'bokosili ndi choyezera kutentha, ngakhale kuti pamaso chimaoneka chopanda pake: kachubu ka galasi kokhala ndi timadzi tofiira, komatidwa pa kathabwa ka pulasitiki. Pafupifupi mwana aliyense amene ndinamufunsa ananena motsimikiza kuti juzi ndi bulangete zili ndi kutentha m'kati mwake, ndipo palibe amene angamudzudzule, pakuti m'mwezi wa Juni akavala juzi amamvadi kufunda. Tinakulunga choyezeracho m'juzi, ana onse atalosera kuti timadzi tofiira tija tikwera, koma titamasula tinapeza kuti tili pamene tinali. Chimene chinandisangalatsa ndi momwe anawo anatetezera ganizo lawo. Wina anati sitinadikire mokwanira, wina anati juziyo ndi yopyapyala, ndipo wina anati mphepo inalowa pa dzanja la juziyo. Tinachisiya usiku wonse m'bulangete lochindikala, ndipo m'mawa sichinaonetse kusiyana ndi mpweya wa m'chipindamo. Kenako mmodzi anachiika m'khwapa mwake, timadzi tija n'kukwera kuyandikira madigiri 37, ndipo m'pamene ena anayamba kukayikira kuti mwina kutenthako kumachokera m'thupi, bulangete n'kumangokutsekereza kuti kusathawe. Si onse amene anavomera tsiku lomwelo, ndipo sindikuona vuto pamenepo, chifukwa ganizo limene mwana wakhala nalo zaka zambiri silingagwe pa masana amodzi.

Choyezera chomwecho chimathandiza pa nkhani ina ya m'khitchini. Mukauza mwana kuti agwire supuni yachitsulo ndi mthiko zimene zagona pa tebulo limodzi, adzanena kuti supuniyo ndi yozizira kuposa mthiko, koma mukaziyeza zimakhala pa mlingo wofanana, kusiyana kwake n'kwakuti chitsulo chimachotsa kutentha m'dzanja mofulumira kuposa mtengo. Mungathenso kukulunga madzi oundana m'chitenje, ena n'kuwasiya poyera, ndipo ana amadabwa kuona kuti okulungidwawo ndi amene akuchedwa kusungunuka. Dandaulo langa n'lakuti manambala ake amathera pa madigiri 50, kotero simungachiike m'madzi owira popanda kuchiwononga. Zimenezi zimatseka phunziro labwino kwambiri, chifukwa ana ambiri amakhulupirira kuti kuwonjezera makala pa mbaula kumachititsa madzi owira kale kutentha kwambiri, pamene zoona zake n'zakuti madziwo amakhala pa mlingo womwewo n'kumangotha msanga. Ndipo kuno ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda woposa pang'ono mamita 1,000 kuchokera pamene nyanja yamchere imalekezera, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, osati 100 amene amalembedwa m'mabuku. Mwana akanadzionera yekha zimenezi akanakhala ndi funso loti aziligonera.

Galasi lokulitsa zinthu ndi lapulasitiki ndipo limakandika msanga, koma limakulitsa mokwanira kuti mwana aone miyendo isanu ndi umodzi ya nyerere ndi timitsempha ta tsamba la chisoso. Kabukuko kamalangiza kuyang'ana mchere ndi zidindo za zala, zimene si zoipa, koma ntchito yake yeniyeni kwa mwana wa kuno ili m'thumba la chimanga. Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu ena, amanena kuti anankafumbwe amabadwa kuchokera m'chimanga chenichenicho chikakhalitsa, ndipo ali ndi umboni wooneka wamphamvu, pakuti thumba limasokedwa lili loyera koma pakapita miyezi limapezeka lodzaza ndi tizilombo. Chimene sachiona n'chakuti nankafumbwe wamkazi amaboola kabowo kakang'ono pa njere, nthawi zina chimangacho chikadali kumunda, n'kuikiramo dzira n'kutseka, ndipo kamphutsi kamakulira m'kati momwemo kakudya njereyo mpaka katasanduka kachilombo n'kutuluka. Mukaswa mosamala njere zingapo zofumbwa n'kuziika pansi pa galasilo, mumapezamo timphutsi toyera, ndipo mwana amayamba kufunsa kuti tinalowamo bwanji. Funso limeneli n'lakale kwambiri. Mu 1668 Francesco Redi wa ku Italy anaika nyama m'mabotolo, ena otsegula ena ophimba, ndipo anaonetsa kuti mphutsi zimatuluka pa nyama imene ntchentche zaterapo basi. Ife tinachita chimodzimodzi ndi tizidutswa ta nsomba, botolo lina titaliphimba ndi kansalu kopyapyala, ndipo ndikulangiza kuti aliyense wofuna kutengera zimenezi aike mabotolo ake kutali ndi khonde. Kabukuko sikatchula n'komwe za moyo wa tizilombo, ndipo ndikuona kuti pamenepa opanga bokosili anataya mwayi waukulu.

Maginito ndi amphamvu bwino ndipo sanandikhumudwitse. Ana amayembekezera kuti akoka chitsulo cha mtundu uliwonse, choncho ndi bwino kuwauza kuti ayambe asanja zinthu m'milu iwiri, zimene akuganiza kuti zikokedwa ndi zimene sizikokedwa. Msomali umamatirira, koma mphika wa aluminiyamu ndi waya wa kopa sizigwedezeka n'komwe, ndipo mulu wawo umafunika kuusanjanso. Timipira tiwiri tija timagwiranso ntchito yake popanda vuto. Mwana aliyense amalosera kuti kolemerako kafika pansi poyamba, monga momwe anthu ophunzira anakhulupirira kwa zaka mazana ambiri potsatira Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, mpaka Galileo wa ku Italy anatsutsa, koma mukatiponya pamodzi kuchokera pa msinkhu wa phewa timagunda pansi pa nthawi imene khutu silingasiyanitse. Mwana wochenjera adzakutsutsani ndi nthenga ya nkhuku, ndipo yankho lake lili m'mapepala awiri ofanana, lina lotambasula lina lofinya. Mu 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anaponya nyundo ndi nthenga pa mwezi, kumene kulibe mpweya wotchinga, ndipo zinafika pansi pamodzi. Kanema wake amapezeka pa intaneti ndipo ndi wamfupi moti sangakuthereni bandulo.

Za kampasi ndilibe zabwino zoti ndinene. Singano yake imapendekeka n'kumakhudza pansi, mpaka munthu achite kuigogoda kuti iyende. Makampasi amalinganizidwa motengera chigawo cha dziko kumene akagwiritsidwe ntchito, ndipo iyi ikuoneka kuti sinapangidwire kuno kum'mwera kwa dziko lapansi. Choipanso n'chakuti anailongedza pafupi ndi maginito m'bokosi limodzi, chinthu chimene chimasokoneza singano ya kampasi iliyonse.

Gawo la magetsi lili ndi vuto lobisika limene kholo silingalione msanga. Roger Osborne ndi anzake ku New Zealand, m'zaka za m'ma 1980, anafotokoza maganizo angapo amene ana amakhala nawo pa za batire ndi babu: ena amati waya mmodzi ndi wokwanira, ena amati magetsi amachoka mbali zonse ziwiri za batire n'kukagundana m'babu, ndipo ena amati babu limadya magetsi ena moti obwerera ku batire amakhala ochepa. Ganizo loyambalo ndinalipeza mwa ana athu ambiri, ndipo n'zomveka, chifukwa chingwe chotchajira foni chimaoneka ngati waya mmodzi wochoka pa khoma. Tsoka ilo, choikapo babu cha m'bokosili chinapangidwa moti mwana amangolowetsa waya wofiira pofiira, wakuda pakuda, babu n'kuyaka iye asanaganize chilichonse. Ndikulangiza kuti muchibise kaye choikapocho, mum'patse mwanayo batire limodzi, babu ndi waya mmodzi, n'kumuuza kuti ayatse. Zimatheka ndithu, koma pokhapokha atazindikira kuti babu lili ndi malo awiri ogundira, pansi pake ndi m'mbali mwake, ndiponso kuti njira ya magetsi iyenera kuzungulira n'kubwerera ku batire. Babu n'limodzi lokha, ndipo popeza matochi ambiri masiku ano ndi a LED, lolowa m'malo mwake n'lovuta kupeza.

Kampira ka dziko lapansi n'kamene makolo ambiri amakopeka nako, koma n'kamene kamasintha maganizo a mwana pang'ono kuposa zonse. Mu 1992 Stella Vosniadou ndi William Brewer anafalitsa zofufuza zawo pa ana a ku pulayimale ku America, ndipo anapeza kuti mwana akauzidwa kuti dziko ndi lobulungira, nthawi zambiri sataya ganizo lake lakuti ndi lathyathyathya, koma amaphatikiza ziwirizo. Ena amaganiza kuti ndi lozungulira ngati lichero, ena amati ndi mpira wobowoka m'kati ndipo anthu amakhala m'katimo pa malo osalala, pamene ena amati maiko alipo awiri, limene timapondapo ndi lina lobulungira lili kumwamba. Ndinapempha ana athu kuti ajambule dziko n'kuikapo anthu, mitambo ndi mvula, ndipo zina mwa zojambula zawo zinali za mtundu womwewo, ngakhale kuti onse pakamwa ankayankha molondola. Kuwapatsa kampirako sikunathetse nkhaniyo, m'malo mwake kunadzutsa ina, chifukwa atapeza Malawi m'munsi mwa mzere wa pakati umene umagawa dziko lapansi pawiri anafunsa chifukwa chimene madzi a m'nyanja yathu satayikira pansi. Funso limeneli ndi labwino, ndipo limafuna munthu wamkulu woti afotokoze kuti pansi ndi kulowera pakati pa dziko kulikonse kumene munthu waima, koma kabukuko sikanenapo kanthu.

Chimene chimathandizako ndi kukula kwa zinthu. Dziko lapansi ndi lalikulu makilomita pafupifupi 12,700 kuchokera mbali ina kudutsa pakati mpaka mbali inayo, ndipo pa kampira ka masentimita 15 ngati aka, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ndi yotalika mamita 3,002, singafike n'komwe pa kuchindikala kwa tsitsi limodzi. Mwana akamvetsa kuchepa kwake poyerekeza ndi mpira umene waimapo, amayamba kuona chifukwa chimene bwalo la sukulu limaonekera lathyathyathya. Amene ali ndi mwayi wopita ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay angamuonetsenso sitima ikamapita kutali pa tsiku limene nyanja ili bata, mmene thupi lake limayambira kubisika pamwamba pake pakuonekabe. Kampirako pamodzi ndi tochi m'chipinda chamdima zimaonetsa bwino usana ndi usiku, ngakhale kuti tochi yake ndi yofooka moti ya pa foni imaiposa.

Vuto lalikulu la bokosili lili m'kabuku ka malangizo. Kuti kali m'Chingerezi ndingathe kupirira, pakuti ana a m'makalasi akuluakulu amaphunzira kale sayansi m'Chingerezi, ngakhale kuti wa Sitandade 3 sangakawerenge yekha. Chimene sindingachikhululukire n'chakuti kanalembedwera mwana wa m'maiko a kumpoto kwa dziko lapansi ndipo palibe amene anakakonza asanakatumize kuno. Kamauza mwana kuti apeze kumpoto poyang'ana nyenyezi ya Polaris, imene sioneka ku Malawi chifukwa dziko lonseli lili kum'mwera kwa mzere wa pakati. Kamanena kuti masana dzuwa limakhala chakum'mwera nthawi zonse, pamene kuno m'mwezi wa Juni limadutsa chakumpoto, mu Disembala chakum'mwera, ndipo ku Lilongwe limafika pamutu penipeni kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, pamene mthunzi wa mtengo woimika mowongoka umatsala pang'ono kutheratu. Kamajambula Disembala wa chipale chofewa ndi Julayi wa dzuwa lotentha, kwa mwana amene amadziwa dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Mwana akaona kuti buku likunena zosiyana ndi zimene zili pa bwalo la kwawo, amaphunzira kuti sayansi ndi nkhani ya m'mabuku yosakhudza maso ake, ndipo phunziro limenelo n'lovuta kulifafaniza.

Pa nkhani ya nyengo pali msampha umene kabukuko sikauona. Ana ambiri amaganiza kuti kumatentha dziko likayandikira dzuwa, ndipo kwa ife ganizoli limaoneka ngati likugwirizana ndi zochitika, chifukwa dziko limayandikiradi dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, n'kutalikira kumayambiriro kwa Julayi, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Chotsutsa ganizoli ndi wachibale amene ali ku London, amene mu Januwale yemweyo amadandaula za kuzizira ali pa dziko limodzimodzi ndi ife. Chifukwa chenicheni ndi kupendekeka kwa dziko ndi madigiri pafupifupi 23.5, ndipo kampirako kanaikidwa bwino mopendekeka choncho, koma palibe tsamba lofotokoza chifukwa chake.

Tsamba la nyemba lili ndi cholakwika chenicheni, chifukwa limati mbewu imafuna kuwala kuti imere. Mwana aliyense amene anabzalapo chimanga amadziwa kuti njere imamera itakwiriridwa m'dothi, ndipo nyemba zathu zimene tinaziika m'kabati zinamera chimodzimodzi, kungoti zinatalika mofooka n'kukhala zachikasu. Kabukuko kamasiyanso osakhudza ganizo lozama kwambiri, lakuti thupi la mbewu limachokera m'dothi. Wasayansi wakale Jan Baptist van Helmont anabzala kamtengo m'mphika wa dothi loyezedwa, n'kumakathirira madzi okha kwa zaka 5, ndipo mtengowo unalemera ndi makilogalamu oposa 70 pamene dothilo linachepa ndi magalamu osakwana 100. Iye anaganiza kuti zonsezo zinachokera m'madzi, ndipo mbali ya mpweya inadziwika pambuyo pake. Kwa mwana wa mlimi funso lake likhoza kukhala losavuta: ngati m'munda munathiridwa thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50, nanga matumba ambiri a chimanga pamodzi ndi mulu wa mapesi zachokera kuti?

Pa za chitetezo, timadzi ta m'choyezera si mekyule, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chija, zimene ndi zabwino, koma kachubu kake ndi ka galasi ndipo kangasweke. Galasi lokulitsa limayatsa pepala ndi udzu wouma pa dzuwa la Okutobala m'kanthawi kochepa, ndipo ana amatulukira okha zimenezi popanda wowauza, choncho muwachenjeze msanga, makamaka kuti asayang'anire dzuwa kudzera m'galasilo. Timipira ndi nyemba zisafike m'manja mwa mwana wokwawa. Kwa mphunzitsi amene anazolowera kale njira ya TALULAR yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi, zofunikadi kugula m'bokosili ndi maginito, galasi ndi choyezera kutentha, ndipo ngati angazipeze pazokha m'sitolo ya zipangizo za labotale, angapeze zolimba pa ndalama zochepa. Kholo lofuna zonse pamodzi lipemphe wogulitsa kuti atsegule bokosilo lisanalipire, liyese babu ndi batire lake, ndipo liyang'anitsitse kuti mzere wofiira wa m'choyezera sunaduke pakati, chifukwa ukaduka manambala ake amanama.